Sukulu ya m'galaja inamudyera mwana wanga zaka ziwiri

Ndikulemba izi mtima usanapole. Mwana wanga wamkazi anakhala zaka ziwiri m'galaja ya munthu ku Johannesburg, ine ndikulipira mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuyankha monyadira kuti mwana ali pa homeschooling, kutanthauza kuphunzirira pakhomo. Tsiku lomwe ndinadziwa kuti dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse la maphunziro m'dziko muno, ndinakhala pansi panja pa ofesi ya ahedi, miyendo italefuka. Ndiye abale anga amene muli kunja kuno ndi ana, kaya ku Joni, ku Cape Town, ku Leeds kapena ku Dublin, munthu akakuuzani kuti "angophunzirira pakhomo, n'zosavuta", musathamangire kutulutsa ndalama. Imvani kaye zomwe zinandionekera.

Zinayamba mu Januwale 2021. Mwana anali ndi zaka 8, atangofika kumene ndi mayi ake kuchokera ku Malawi komwe anali atamaliza Sitandade 1. Tinamugulira nsapato zakuda ndi chikwama, n'kupita naye kusukulu ya boma yapafupi ndi pomwe tinkachita lendi. Kalaliki wa pawindo sanatiyang'ane n'komwe kumaso. Anangotchula zomwe akufuna: satifiketi ya kubadwa, khadi la katemera, umboni wa komwe tikukhala, ndi pemiti ya mwana yophunzirira. Ziwiri tinali nazo, ziwiri tinalibe. Anati tidzabwere zikakwana, n'kutseka windo. Ine sindinatsutse. Mukudziwa nokha momwe Mmalawi amachepera pa ofesi kuno mapepala ake akakhala kuti sali bwino. Pakamwa pamauma, umangoti zikomo n'kutembenuka. Tili panjira mwana anandifunsa kuti, "Adadi, ndiyamba mawa?" Titafika kunyumba anavula nsapato zija n'kuzibwezera yekha m'bokosi mwake.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti tsiku limenelo lamulo linkandiikira kumbuyo ine, osati kalaliki uja, koma sindinkadziwa. Mu Disembala 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu womwe bungwe la Centre for Child Law linasumira nduna ya maphunziro, linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi mbadwa kaya ndi mwana wa obwera. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira. Aliyense, osati mbadwa zokha. Chaka chotsatira unduna wa maphunziro unatulutsa kalata yotchedwa Circular 1 of 2020 youza sukulu kuti zitsatire chigamulocho. Pomwe satifiketi ya kubadwa palibe, kalata yolumbira ya kholo yonena kuti mwanayu ndi ndani imalandiridwa. Ndikanangodziwa izi, ndikanapempha kuonana ndi ahedi, akanakana ndikanapita ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Safunsa anadya phula, ndipo phula langa analidya ndi mwana.

Lamulungu lotsatira titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wakwathu, Mmalawi mnzathu wokhalitsa kuno, anandikokera pambali. Anali atamva kale nkhani yanga. "Achimwene, musavutike ndi sukulu za bomazi, amangonyozako ana athu. Bweretsani mwanayo kwathu, timachita homeschooling. Mapepala sitifunsa. Ku dipatimenti ya maphunziro ndikakulembetserani ndekha." Anatulutsa fayilo yokongola, yokhala ndi chizindikiro ndi zithunzi za ana akumwetulira pa kompyuta. Anandiuzanso kuti kafukufuku wa ku America anapeza kuti ana ophunzira pakhomo amakhoza kuposa a kusukulu. Zonsezi ankalankhula m'Chichewa chathu, akundipatsa ulemu, pomwe sabata yomweyo munthu wina anali atanditsekera windo kumaso. Ndinalipira R1,500 yolembetsera, R950 mwezi uliwonse, ndi R1,800 ya mabuku chaka chilichonse. Ndinasaina pepala lomwe sanandipatseko kope lake. Lisiti ankangolemba pa WhatsApp kuti "ndalandira, Mulungu akudalitseni".

Sukuluyo inali galaja ya kuseri kwa nyumba, chitseko chake chachitsulo chokwezedwa theka kuti mulowe mphepo. Tsiku lina nditapita kukatenga mwana ndinawerenga ana 23, wamng'ono wa zaka ngati 5, wamkulu mnyamata woti mawu ayamba kale kukula. Onse pa matebulo atatu apulasitiki, mphunzitsi mmodzi, mtsikana amene nayenso ankaoneka kuti wangomaliza kumene sukulu. Mabuku a R1,800 aja anali mapepala a fotokope omangidwa ndi waya. Kompyuta za pachithunzi zija sindinazionepo. Ndinaona zonsezi ndi maso anga, koma kumapeto kwa teremu kunabwera lipoti lokhala ndi chidindo, Chingerezi 88, masamu 91, ndiye ndinadziuza kuti zili bwino. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Woyamba kukayika anali mayi a kunyumba. Anamupatsa mwana kapepala ka kuchipatala kuti awerenge tsiku lobwereranso, mwana anangoti kakasi, kenako n'kuyamba kutchula mawu oloweza pamtima omwe sanali papepalapo. Atandiuza ndinawakalipira kuti akufuna kundiphunzitsa kulera. Patapita miyezi ndinafunsa mayi wa galaja uja za kalata ya ku dipatimenti. Anati ikubwera, Covid yachedwetsa zinthu. Ndinafunsanso chaka chachiwiri. Anati munthu wawo wa ku ofesi wasamutsidwa. Kachitatu anakwiya, amvekere ngati sindikuwakhulupirira ndichotse mwana. Ine poopa kuti mwana abwereranso kukhala m'nyumba, ndinapepesa.

Mu Januwale 2023 tinasamukira dera lina ndipo tinapeza malo pa sukulu ina ya boma. Ahedi a kumeneko, mayi wachikulire woleza mtima, anatenga malipoti onse aja n'kufunsa funso limodzi lokha: nambala ya EMIS ya sukuluyi ili pati? Ndinali ndisanamvepo mawu amenewa. Anandifotokozera kuti sukulu iliyonse yolembetsedwa, ya boma kapena yolipira, ili ndi nambala yake ku unduna. Anafufuza pa kompyuta, dzina la galaja ija osalipeza. Anafunsa ngati ndili ndi kalata yosonyeza kuti mwana analembetsedwa kuti aziphunzira pakhomo. Ndinalibe. Malipoti aja anandibwezera mwaulemu, n'kunena kuti amuyesa okha mwanayo. Zotsatira zake, mwana wa zaka 10 amene ankayenera kulowa Grade 4 anamuika Grade 2, ndipo ahediwo anandiuza mosabisa kuti ngakhale kumeneko avutika ndi kuwerenga.

Madzulo omwewo ndinapita kwa mayi wa galaja uja. Sanachite manyazi. "Inu munkafuna mwana aziphunzira, ndipo waphunzira. Ngati mukufuna pitani kupolisi, koma mukudziwa chomwe akayambe kukufunsani." Mawu amenewa sindidzawaiwala. Ndi pamene ndinazindikira kuti bizinesi yake yonse anaimanga pa mantha athu. Ankasankha dala makolo amene mapepala awo sali bwino, podziwa kuti ameneyo ngakhale umubere sangakuwe. Ndalama zopitirira R27,000 zinapita, koma ndalama ndi nkhani yaing'ono. Mwana wanga ankakhala pa desiki limodzi ndi tiana tomulekeza m'mapewa, ndipo miyezi yoyambirira ankalira m'mawa uliwonse povala yunifolomu.

Tsopano mvetsetsani, chifukwa apa m'pomwe madobadoba a maphunzirowa amatisokonezera. Kuphunzitsira mwana pakhomo n'kololedwa ku South Africa, koma tanthauzo lake ndi lakuti kholo ndiye likuyendetsa maphunziro a mwana wake, makamaka m'nyumba momwe mwanayo amakhala. Mutha kulemba munthu woti azidzathandiza masamu, palibe choletsa. Koma kusonkhanitsa ana a anthu osiyanasiyana pamalo amodzi tsiku lonse, n'kumalipiritsa, imeneyo ndi sukulu, ndipo ngati sinalembetsedwe ngati sukulu yoima payokha ndiye kuti ikuyenda mozemba lamulo. Kaya aitchule kuti tutor centre, cottage school kapena learning hub, dzina silisintha kanthu. Munthu akati "bweretsani mwana kwathu ku homeschooling", mawu akewo akudzitsutsa okha. Funsani nambala ya EMIS pomwepo, ndipo mukaitsimikize nokha ku ofesi ya maphunziro. Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Kulembetsa kwenikweni sikufuna ejenti. Gawo 51 la South African Schools Act ya 1996 limati kholo lipemphe kwa mkulu wa maphunziro m'chigawo chomwe likukhala, ndipo fomu yake mumadzaza nokha, m'dzina lanu. Lamulo latsopano la BELA, lomwe Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu Seputembala 2024, linawonjezera zingapo zoti muzidziwe. Ngati papita masiku 60 osakuyankhani, pempho lanu limatengedwa kuti lavomerezedwa, choncho sungani umboni wa tsiku lomwe munapereka fomu ngati mmene mumasungira pasipoti. Zomwe mukuphunzitsa zisachepere pa silabasi ya boma ya CAPS. Mwana ayenera kuyesedwa ndi munthu wovomerezeka pakutha pa Grade 3, Grade 6 ndi Grade 9, ndipo wolipira ndinu. Lamulo lomweli linachititsa kuti Grade R, kalasi yokonzekera Grade 1, ikhale yokakamiza, ndipo chilango cha kholo losunga mwana osaphunzira popanda chifukwa chomveka chinakwera kuchoka pa miyezi 6 kufika pa miyezi 12 ya ndende. Wokayankha mlandu umenewo ndi kholo, osati mwini galaja.

Ndipo musanayambe n'komwe, ganizirani za mathero ake. Mwana wa zaka 7 aliyense angathe kumuphunzitsa a, e, i, o, u. Nanga satifiketi adzaitenga kuti? Matric ya kuno, satifiketi yomalizira sekondale yotchedwa National Senior Certificate, si mayeso oti munthu angotulukira mu Okutobala n'kukhala pansi kulemba. M'maphunziro ambiri gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi limachokera ku ntchito ya m'kati mwa chaka, ndipo ntchitoyo iyenera kudutsa m'manja ovomerezeka. Mwana wa pakhomo amafunika kulembetsedwa kuyambira Grade 10 kudzera kwa ophunzitsa amene ali pansi pa bungwe loyesa mayeso monga SACAI kapena IEB, ndipo satifiketi imatuluka ku Umalusi, bungwe la boma lotsimikizira mayeso. Ena amasankha njira ya Cambridge, IGCSE kenako AS Level, koma imeneyo mumalipira phunziro lililonse palokha, ndipo kuti mwana alowe yunivesite ya kuno pamafunikanso chilolezo cha bungwe la mayunivesite lotchedwa Universities South Africa. Zonsezi ndi ndalama zambiri. Aliyense wokuuzani kuti "satifiketi yathu ndi ya international" mufunseni dzina la bungwe loyesa mayeso ndi malo omwe mwana adzalembere. Ngati sangatchule ziwirizi, akukunamizani.

Nditapsa chonchi ndinayamba kuwerenga usiku pafoni, kufuna kudziwa ngati kafukufuku wa ku America uja anali woona. Alipodi. Mu 1999 Lawrence Rudner anaunika zotsatira za ana 20,760 ophunzira pakhomo ndipo anapeza kuti ankakhoza bwino kwambiri poyerekeza ndi ana ambiri a m'dzikolo. Koma taonani mabanja ake. Pafupifupi onse anali a bambo ndi mayi okhalira limodzi, opeza bwino kuposa mabanja ambiri a ku America, makolo ambiri ophunzira kupitirira sekondale, ndipo pafupifupi amayi atatu mwa anayi alionse sankagwira ntchito yolipidwa, ankakhala pakhomo ndi ana. Ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku HSLDA, bungwe lomenyera ufulu wophunzitsira ana pakhomo. Rudner mwiniwake anachenjeza kuti zotsatira zake sizikutsimikizira kuti kuphunzira pakhomo kumaposa sukulu. Chenjezo limeneli ogulitsa mafayilo okongola salitchula. Ana a m'mabanja oterewa amakhoza bwino ngakhale uwatumize kusukulu. Inu amene mumachoka 5 koloko m'mawa kukagwira m'munda wa bwana n'kubwera kutada, mkazi wanu akugona kuntchito mpaka Loweruka, kafukufuku ameneyu sakukamba za banja lanu.

Amene anandithandiza kumvetsa bwino ndi Robert Kunzman ndi Milton Gaither, omwe mu 2013 anasonkhanitsa kafukufuku wambirimbiri wa nkhaniyi, n'kubwerezanso ntchitoyo mu 2020. Iwo anaonetsa kuti kafukufuku wambiri amadalira mabanja odzipereka okha kuti ayesedwe, ndipo n'zodziwikiratu kuti kholo lomwe mwana wake akulephera silithamangira kukaonetsa. Anaonanso chinthu chomwe chimabwerezabwereza: ana a pakhomo amachita bwinoko pa kuwerenga ndi chilankhulo, koma pa masamu amatsalira. Izi n'zomveka. Nkhani mutha kuwerengera mwana ali pamwendo, koma algebra ya Grade 9 ikufuna munthu woidziwa. Dzifunseni moona mtima kuti masamu a Fomu 2 munawasiyira pati.

Pali kafukufuku wina wa ku Canada wa 2011, wa Sandra Martin-Chang ndi anzake, waung'ono koma wolongosoka. Anatenga ana 37 a pakhomo ndi ana 37 a kusukulu ya boma, a zaka 5 mpaka 10, ochokera m'mabanja ofanana, n'kuwayesa okha m'malo modalira zonena za makolo. Ana a pakhomo amene makolo awo ankatsatira ndondomeko, ya mabuku ndi maphunziro okonzedwa, anaposa a kusukulu. Koma ana 12 amene ankangosiyidwa kuti aphunzire zomwe akufuna anatsalira kumbuyo kwa magulu onse. Kwa ine apa m'pomwe pagona nkhani. Chomwe chimagwira ntchito si nyumba ayi, ndi munthu wamkulu wokhala pansi ndi mwana tsiku ndi tsiku, wodziwa chomwe aphunzitse lero ndi chomwe aphunzitse mawa. Kumusiyira mwana tabuleti ndi YouTube inu mukupita ku shifiti si homeschooling. Ndi kumusiya mwana yekha m'nyumba, basi.

Sindikunyoza amene amasankha njirayi ndi mtima wonse. Zifukwa zake ndimazimva. Mwana akabwera kunyumba akulira kuti anzake akumutchula kwerekwere, dzina lonyozera obwera, aphunzitsi osachitapo kanthu, kholo lililonse limafuna kumuchotsako tsiku lomwelo. Si ife tokha. Ku America, Ama Mazama ndi Garvey Lundy anapeza mu 2012 kuti makolo ambiri akuda ophunzitsira ana pakhomo ankachita zimenezi pofuna kuwateteza ku tsankho la m'sukulu. Nthawi ya Covid, chiwerengero cha boma la America chinaonetsa kuti mabanja ophunzitsa pakhomo anakwera kuchoka pa 5.4 peresenti kufika pa 11.1 peresenti m'miyezi yochepa ya 2020, ndipo pakati pa mabanja akuda anachoka pa 3.3 kufika pa 16.1 peresenti. Ndikudziwanso banja lina lachimalawi kuno lomwe likuchita bwino. Mayi wake anali mphunzitsi wa pulayimale kwathu, anasiya ntchito zonse, ali ndi kalata ya ku dipatimenti m'fayilo, ndipo ana amayamba 8 koloko ngati kusukulu. Koma banjalo likudalira malipiro a munthu mmodzi, ndipo mayiyo anandiuza yekha kuti masiku ena amatopa mpaka kulira. Katundu ameneyu pafupifupi nthawi zonse amagwera mzimayi. Abambo anzanga, musagamule nokha nkhaniyi kenako n'kuwasiyira akazi anu.

Ganiziraninso kuti mwana wa obwera amafuna anzake kuposa mwana wa mbadwa. Ife tilibe agogo pafupi, tilibe asuweni oti azisewera nawo pabwalo. Chizulu, Chisotho, ngakhale Chingerezi cha kuno, mwana amachitola kwa anzake pa nthawi yopuma. Mukamutsekera m'chipinda chimodzi cha lendi, adzakula ali mlendo m'dziko lomwe mwina adzakhalamo moyo wake wonse. Mwana wanga, ngakhale anabwezedwa makalasi awiri, chaka chimodzi chokha cha kusukulu ya boma anayamba kutimasulira ife zomwe akunena a landilodi.

Inu a ku UK, musaganize kuti izi n'za ku Joni kokha. Ku England lamulo n'lofewa, ndipo kufewa kwakeko n'komwe kumagwetsa anthu. Gawo 7 la Education Act ya 1996 limati kholo lionetsetse kuti mwana akulandira maphunziro okwanira ndi oyenera msinkhu wake, kusukulu kapena mwa njira ina. Kumuchotsa pa sukulu wamba ndi kalata imodzi yopita kwa ahedi. Koma kalatayo ikangolandiridwa, malo a mwana apita, ndipo mukasintha maganizo palibe chokutsimikizirani kuti adzabwerera pa sukulu yomweyo. Mabuku ndi anu, mayeso a GCSE mudzalipira nokha phunziro lililonse, ndipo malo olembera mudzasaka nokha. Chiwerengero cha boma chinaonetsa kuti kumapeto kwa 2024 ana pafupifupi 111,700 ku England ankaphunzira pakhomo, ndipo si onse amene makolo awo anachita kufuna. Sukulu zina zimakankha kholo kuti lichotse lokha mwana wovuta kapena wojombajomba, khalidwe lomwe a Ofsted, bungwe loyendera sukulu, amalitcha off-rolling. Ahedi akakuitanani n'kukuikirani kalata yolembalemba kale patebulo kuti "ingosainani, n'zabwino kwa mwana", musasaine tsiku limenelo. Pitani nayo kunyumba, funsani ku khonsolo. Ndipo magalaja aliko kumenekonso: malo ophunzitsa ana asanu kapena kupitirira tsiku lonse ayenera kulembetsedwa ngati sukulu, apo ayi ndi mlandu. Alongo athu ogwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a maola 12 ndi kuphunzitsa mwana pakhomo siziyendera limodzi. Oyandikana nawo akangoona mwana ali yekha masana, ofika pakhomo panu ndi a social services, oona za chitetezo cha ana.

Ku Scotland muyenera kupempha chilolezo cha khonsolo musanamuchotse mwana pa sukulu ya boma. Ku Ireland n'kololedwa, koma mumalembetsa ku Tusla, bungwe la boma loona za ana ndi mabanja, ndipo amaunika maphunziro omwe mwana akulandira. Ku France kuyambira 2022 pamafunika chilolezo, sikungodziwitsa chabe ngati kale. Ku Germany musayese dala. Mwana amayenera kupita kusukulu, ndipo banja la Wunderlich linalandidwa ana kwa masabata atatu mu 2013 chifukwa cha nkhani yomweyi. Linakadandaula ku khothi la ufulu wa anthu la ku Ulaya, koma mu Januwale 2019 khothilo linati boma la Germany silinalakwe. Ngati anachita zimenezi kwa mbadwa zawo, inu wokhala pa visa mukuganiza kuti akuchitirani chisoni? Musatengere malangizo pa gulu la WhatsApp pomwe wina ali ku Texas akulangiza wina ali ku Berlin. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake, ndipo ku America boma lililonse laling'ono lili ndi lake.

Ena mumati, "ife sitikhalitsa kuno, tingomugwiriza pakhomo mpaka tibwerere kwathu." Mawu amenewa ndawamva kwa anthu amene tsopano atha zaka khumi ali kuno. Koma tiyerekeze kuti mubwereradi. Mwana akafika ku Malawi akapeza mayeso a MANEB, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 pali pepala la Chichewa, chinenero chomwe ana athu ambiri kuno amangochimva koma sangachilembe. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale pomwe kwathu chimayamba mu Seputembala, ndiye nthawi yobwerera muiwerengere bwino. Kuti adzasankhidwe kupita ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, pa MSCE kapena satifiketi yofanana nayo monga IGCSE. Lipoti la m'galaja silikupezeka pa mndandanda umenewo. Ngati mukudziwadi kuti mubwerera, itanitsani mabuku a silabasi ya kwathu, mwana aziwerenga madzulo ndi Loweruka, koma masana azikhala kusukulu yolembetsedwa. Ziwirizi sizilimbana.

Kulembetsa mwana kusukulu ya boma si nkhani yaitali. Ku Gauteng, Grade 1 ndi Grade 8 amalembetsa pa intaneti chaka chisanathe, makalasi ena mumapita pa sukulu pomwepo. Sukulu za m'madera osauka sizilipiritsa fizi, ndipo zomwe zimalipiritsa zili ndi fomu yopemphera kuchepetsedwa kapena kukhululukidwa. Tengani zomwe muli nazo, zomwe mulibe lumbirani kalata. Akakukanani, musachoke ngati mmene ndinachokera ine. Pemphani kuti akulembereni chifukwa chokanira, funsani dzina la amene wakukanani, kenako pitani ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Zikakanika, mabungwe monga Lawyers for Human Rights, Legal Resources Centre, SECTION27 ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town amathandiza pa nkhani ngati zimenezi. Mantha ndikuwadziwa, ndakhala nawo zaka zambiri. Koma ufulu umenewu ndi wa mwana, sudalira pemiti yanu.

Ndipo chonde, abale anga, lekani kukhulupirira munthu chifukwa choti akulankhula Chichewa kapena mumapemphera naye. Ine amene anandikaniza mwana pawindo anali mlendo kwa ine, koma amene anandidyera ndalama n'kundiopseza ndi apolisi anali wakwathu, wonditchula achimwene. Chilichonse chomwe munthu akuti wakulembetserani, onani kalata yake ndi maso anu, yokhala ndi dzina la mwana wanu, ndipo muiimbire foni ofesi yomwe yailemba. Musasiye pasipoti ya mwana m'manja mwa aliyense. Musalipire popanda lisiti lenileni. Ndipo kamodzi pa sabata mukhazikeni mwana pansi, mupatseni chilichonse cholembedwa chomwe sanachionepo, kaya ndi kapepala ka m'sitolo, awerenge mokweza inu mukumva. Lipoti likhoza kunama, koma pakamwa pa mwana mumva nokha pomwe wafika. Ine ndikanamvera mayi a kunyumba tsiku la kapepala ka kuchipatala lija, tikanapulumutsa chaka chathunthu ndi theka.

Chaka chino mwana ali Grade 4, ali ndi zaka 12. Madzulo aliwonse ndikaweruka timakhala pa tebulo mphindi 40, iye akuwerenga ine ndikutsatira ndi chala, ndipo Loweruka mayi ake amamuphunzitsa kulemba Chichewa. Kuwerenga wakugwira tsopano, masamu ndiye akadali kumbuyo, moti tikusunga ndalama zoti tipeze womuthandiza. Galaja ija ikadalipo. Mwezi watha ndinadutsako m'mawa ndipo ndinaona mlongo wathu wina akusiya anyamata awiri pachitseko chachitsulo chija. Ndinamudikira pa ngodya, ndinamufotokozera zonsezi, n'kumulembera mawu akuti EMIS pa chikhatho kuti akafunse. Anandiyang'ana mokayika, n'kunena kuti mayi uja ndi munthu wabwino, wa pemphero. Patatha masiku anayi anandiimbira kufunsa komwe angakalumbire kalata, ndipo Lolemba lotsatira ndinapempha kuchedwa kuntchito n'kumuperekeza kusukulu ya boma, anyamata ake awiri ali pambuyo.